Nkhuku za m'Thirela 14

9 Febuluwale

Amayi a ana anga,

Moni ndikupatsani, koma muyambe mwandiyankha: ndani anakuuzani kuti ine ndikukana kuthandiza mchimwene wanu? Mumutchule. Ngati ndi azakhali anu aja, muwauze kuti mlamu wangayo lero akugona pa matiresi anga, ine mwini chipinda ndikugona pa makatoni, miyendo ili kuchitseko. Kukana kwake n'kumeneko? Ndalemba dala kalata, chifukwa pa foni mumandidula pakamwa ndisanafike ndi pakati pomwe.

Tsono moni. Ine ndili bwino, kupatula chala chachikulu chimene chinapanidwa ndi lamba wa injini Lachiwiri, koma chikhadabo sichinachoke. Kaya inu ndi ana? Chifuwa cha wamng'onoyo chinatha? Apongozi anga muwapatse moni, muwauze kuti mwana wawo anafika bwino ndipo ntchito waipeza.

Inde, waipeza. Ndinamutengera kwa akapitawo Lolemba m'mawa. Ndinati, "Akapitawo, munthu uyu ali ndi laisensi ya galimoto zazikulu, samwa, ndipo salankhula."

Iwo anamuyang'ana kuyambira kunsapato, n'kunena kuti, "Salankhula? Ndiye angakhale bwanji m'bale wako, iwe Tsabola?"

"Ndi mlamu, akapitawo. Magazi ndi osiyana."

"Nanga akandiwonongera katundu?"

"Mudzadule ine."

Mwamva? Ndinaika khosi langa. Azakhali anu anaikapo chiyani?

Chinanso, musiye kuuza anthu kuti ndimakonza mathiraki. Mathiraki ali ndi eni ake. Ine ndimakonza firiji imene imakhala pamphumi pa thirela, kuseri kwa mutu wa dalaivala. Ili ndi kainjini kakekake, thanki yakeyake ya dizilo, ndi mita yowerenga maola amene yalira. Ikamva kuti m'kati mwazizira mokwana imadzizimitsa yokha n'kupuma, ikamva kufunda imadzukanso. Nzeru zake zili choncho, sifuna dzanja la munthu. Koma madalaivala ena amaizimitsa panjira, wina kuti agone popanda phokoso, wina kuti dizilo wotsala akagulitse. Akafika n'kumalumbira kuti makina ndi ofooka. Wofooka ndi iweyo!

Mlamu ndinamulowetsa m'thirela ina imene inali itazizira kale, n'kukankha chitseko, kuti aidziwe ntchito ndi khungu lake. Anatuluka nsidze zili mbuu, n'kunena liwu limodzi: "Mayo." Ndiye ndinamuuza pamaso kuti nambala ya kuzizira aziiona pagalasi nthawi zonse, akaima aziilemba, ndipo batani lozimitsira asaliyandikire ngakhale firijiyo ikulira ngati ng'ombe yobereka. Anangogwedeza mutu. Munthu ameneyu kwanu ankalankhula?

Ndalama ndapatsira dalaivala wa basi yemwe uja. Mugule nsapato za wamkuluyo, zotsalazo mukonzetse chitseko chakumbuyo. Wobwera kudzabwereka mumuuze kuti mwini wake ndi wolusa. Simukhala mukunama ayi.

Ndine mwamuna wanu,
amene kuno amati Tsabola.


2 Malichi

Amayi a ana,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ife kuno tili bwino, chala chinapola. Kalata yanu ndinalandira, ndipo ndaona kuti wonena uja simunamutchule. Chabwino, ndamudziwa.

Mchimwene wanu wayenda maulendo anayi, onse katundu wafika wouma gwa ngati miyala. Kabuku kake ka manambala n'kaukhondo kuposa ka aliyense, moti akapitawo anakaonetsa kwa madalaivala ena n'kumati, "Taonani mmene amalembera anthu." Anzake amupatsa kale dzina, akuti Chete. M'chipinda muno ndimalankhula ndekha ngati wailesi, iye n'kumangoti "eya, alamu." Koma amasesa, ndipo ovololo yanga ndinaipeza yochapidwa. Chithunzi cha chibwenzi chake, mphunzitsi uja, anachipachika pamsomali pomwe ndinkapachika thaulo. Ndinamufunsa kuti ukwati liti. Anati chaka chisanathe, akangosonkhanitsa kenakake, chifukwa amalume a mtsikanayo ndi munthu wofuna kuona kaye ngati mkamwini ali ndi mutu. Mawu onsewo anatuluka tsiku limodzi! Ndinatsala pang'ono kuitana anthu adzaone.

Tsono imvani yanga. Akapitawo andiuza kuti mu Juni kampani idzanditumiza kukalemba mayeso a ntchitoyi, ndidzakhale ndi pepala. Zaka zisanu ndi zinayi ndikukonza mafiriji popanda wondiimika kutsogolo kwa bolodi. Ndinaphunzira pomasula zakufa kuseri kwa galaja, n'kumazibwezera mpaka zitalira. Kuno kuli mnzanga wina wa ku koleji amene tinamutcha Wamapepala. Munthu wabwino, koma kanthu kakavuta amathamangira buku. Sabata yatha firiji ina inkangozima. Iye anayamba kutsegula masamba, ine ndinagunditsa sikuludiraiva pa injini, chogwirira chake ndaika kukhutu, n'kumuuza kuti dizilo sakufika, sefa yatsekeka. Anati, "Mwadziwa bwanji, achimwene?" Ndinati, "Ikutsokomola ngati mwana wanga wamng'ono." Titamasula, sefa inali bii. Komabe pakutha pa mwezi amalandira zambiri ndi iye, chifukwa cha kapepala. Palibe kanthu, Juni akubwera.

Ntchito ndiye yachuluka. Mathirela makumi atatu, amakaniko a firiji awiri, ndipo dzuwa la mwezi uno likusungunula phula pamsewu. Umayamba kukonza ichi, akuitana uko, pobwerako upeza china chikudontha. Masiku ena ndimafika kuchipinda osakumbuka ngati ndadya. Koma musadandaule, zimenezo ndi za ine.

Zinthu kuno zakwera, pamene ndinkagula sopo awiri pano ndikugula mmodzi. Ndatumizabe. Chitseko mwati mmisiri akufuna zambiri. Mumuuze kuti mahinji awiri si denga la tchalitchi. Wamkuluyo andilembere yekha mizere iwiri, ndione ngati sukulu ikulowa.

Ndine wanu,
bambo a ana.


23 Malichi

Amayi a ana,

Moni. Thupi lili bwino, mtima ndiye ayi. Kaya inu.

Sindizungulira. Mchimwene wanu wandichititsa manyazi, ndipo ntchito yamuthera.

Anatenga thirela 14 yodzaza nkhuku zoundana, ulendo wa masiku awiri. Atafika kwa ogula n'kutsegula zitseko, madzi ofiirira anayamba kuyenderera pansi. Makatoni akutsogolo anali olimba, koma kuyambira pakati mpaka kuzitseko nkhuku zinali lobodo ngati nsanza zonyowa. Ogula anakana katundu yense. Thirela inabwerera kuno Lachisanu masana ntchentche zikuiperekeza.

Ine ndinathamangira ku mita. Ulendo ngati umenewo, ndi kutentha kulipoku, firiji imalira maola pafupifupi makumi atatu. Iyi inalira khumi ndi anayi. Ndinaviika ndodo m'thanki, dizilo akadali wambirimbiri. Ndinailiza firijiyo, inalira bwinobwino, mphepo yake yoluma m'manja. Gasi alimo, lamba ali bwino, batire ili bwino. Ndiye mundiuze inuyo, makina abwino amagona okha maola onsewo?

Ndinamufunsa pabwalo, pamaso pa akapitawo ndi madalaivala onse. "Alamu, munazimitsa?"

"Sindinakhudze, alamu."

"Nanga maola apita kuti?"

"Kaya. Nambala inali bwino njira yonse. Ndinalemba."

N'kutulutsa kabuku kake kaja. Apa ndiye magazi anandikwera kumutu. Ndinati, "Kulemba ngakhale wakuba amalemba! Dizilo uyu mumasungira ndani? Wogula simunamupeze?" Wamapepala anandigwira mkono, akuti tiyambe talowa m'thirelamo tione bwino. Ndinamuuza kuti akaone m'buku lake ngati muli tsamba la anthu abodza.

Akapitawo anandifunsa kuti, "Tsabola, makina ako ali bwino?" Ndinati ali bwino, ndipo ndinasaina. Iwo anatembenukira kwa mlamu n'kumuuza kuti asiye makiyi patebulo. Anawasiya bwinobwino ngati akuika dzira, kabuku n'kubwezera m'thumba. Ine akapitawo sanandidule malipiro, ngakhale ndinalonjeza khosi, koma mmene anandiyang'anira, bola akanandimenya.

Kalata iyi mukawawerengere apongozi anga mmene ilili. Adziwe kuti ine ndinachita mbali yanga, ndipo adziwe chimene mwana wawo wachita. Mawa wina asadzati Tsabola anathamangitsa mlamu wake chifukwa cha matiresi. Ine sindibisa mawu, mukundidziwa.

Mwezi uno ndatumiza zochepa. Musandifunse.

Mwamuna wanu.


13 Epulo

Amayi a ana,

Moni kwa inu ndi ana. Ndili bwino.

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Mwati mchimwene wanu chibadwire sanabepo ngakhale singano. Chabwino. Mita nayo chipangidwire sinanamepo. Ndikhulupirire uti? Mwati ndikanamufunsira kumbali. Mwina. Koma nkhuku zinaolera pagulu, sizinaolere kumbali.

Mwatinso apongozi anaiwerengetsa kalata ija pakhonde pali alendo, ndipo amalume a mphunzitsi uja anali pomwepo, moti tsopano akuti nkhani ya ukwati iyambe yaima. Zimenezo sindinatume ine. Ndinati muwerengere bambo anu, sindinati muitanitse msonkhano.

Mwafunsa komwe ali. Sindikudziwa. Anachoka Lolemba lotsatira ine ndili kuntchito. Ndinapeza pansi patasesedwa, bulangete litapindidwa, kiyi pansi pa njerwa, pamsomali palibe chithunzi. Foni yake imalira osayankhidwa. Wina akuti anamuona cha kumsika waukulu. Ndi munthu wamkulu, sasochera.

Pamatiresi ndabwererapo, koma tulo take sitikukoma. Kapena ndi kutenthaku. Kuntchito madalaivala ena asiya kundipatsa moni, akuti ndinagulitsa mnzawo. Asiye, moni sakonza firiji.

Chitseko mwachita bwino. Mizere iwiri ya wamkuluyo ndaiona; mumuuze kuti dzanja lake ndi labwino kuposa langa. Funso lake loti amalume ake ali kuti, muyankhe ndinu.

Ndine yemwe uja.


4 Meyi

Mkazi wanga,

Ndikhulupirira muli bwino, inu ndi ana ndi apongozi. Ine sindikudwala. Khalani pansi musanapitirize.

Dzulo Loweruka masana ndimadutsa pamzere wa matelala kuseri kwa siteji ya basi, ndingomva wina akukuwa: "A firiji! Inu a firiji! Njoka yanu ija mudzaitenga liti? Ikundidyera malo!" Anali telala wachikulire amene amandisokera maovololo. Ndinati njoka yanji. Anawerama pansi pa tebulo n'kukoka chinsalu chachitali chabuluu, chopindidwa kanayi. "Munati mubwera mawa lake. Mawa lanu limatenga miyezi iwiri?"

Ndinakhala pabenchi yake osauzidwa.

Ndikufotokozereni kuti mumvetse, chifukwa mudzafunika kufotokozera ena. M'thirela, kudenga, mumayenda chinsalu chonga mkono wa malaya, kuchokera pakamwa pa firiji mpaka kufupi ndi zitseko. Timachitcha thumba la mphepo. Ntchito yake ndi kunyamula mphepo yozizira kukaitula kumbuyo, kuti izibwerera kutsogolo ikudutsa m'katundu yense. Popanda thumbalo mphepo imangotuluka, kugunda makatoni oyamba, n'kubwerera pomwepo. Firiji imamva kuzizira pamphuno pake n'kuganiza kuti thirela yonse yazizira. Imaonetsa nambala yabwino. Imadzizimitsa n'kugona, kumbuyo nkhuku zikusungunuka.

Thumba la thirela 14 linang'ambika kumayambiriro kwa Malichi. Latsopano likanatenga masabata atatu kuti lifike, ndiye ine wanzeru ndinalimasula ndi manja angawa n'kupita nalo kwa telala. Pa khadi la ntchito sindinalembe, poti ndimati n'za tsiku limodzi. Mawa lake kunafa mafiriji awiri nthawi imodzi, ndipo nkhaniyo inachoka m'mutu ngati sinakhalemo. Ulendo wautali woyamba chichotsere thumbalo unagwera mlamu. Opakira katundu sayang'ana kudenga. Dalaivala amapatsidwa thirela yotseka kale. Woyenera kuyang'ana m'mwamba anali mmodzi yekha, ndipo Wamapepala atanena kuti tilowemo, munamva mmene ndinamuyankhira.

Mchimwene wanu sanazimitse. Nambala inalidi bwino njira yonse. Kabuku kake kanali koona, mita inali yoona, wabodza panalibe. Panali chitsiru chokha, chokuwa kuposa onse.

Telala anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake n'kuti, "Bwanji, ndasoka moipa?" Ndinati wasoka bwino kwambiri. Ndipo wasokadi bwino, mizere iwiri, ulusi wa matenti. Anati, "Ndiye mukutuluka thukuta chifukwa chiyani? Mtengo sindinatchule." Ndinalipira osanenerera, mpaka iye anadabwa.

Thumbalo lili pano pamatiresi pamene ndikulemba. Thirela 14 chichitikire zija imangoyenda maulendo afupi a m'tauni, ndiye palibe wazindikira. Ndikhoza kulowa Lolemba m'mawa n'kulimangirira mphindi khumi, osaonedwa ndi munthu, Juni n'kudzalemba mayeso anga. Ndikukuuzani kuti mudziwe kuti ganizo limenelo linabwera, ndipo linayenda nane kuchokera kwa telala mpaka pakhomo. Musauze munthu kaye. Ndilembanso sabata ino.

Mwamuna wanu.


11 Meyi

Amayi a ana,

Moni nonse. Ndili moyo, ndipo ntchito ndikadali nayo. Ndayamba ndi zimenezo kuti mupume.

Lolemba ndinalowa pageti thumba lili paphewa ngati ndapha nsato. Ku thirela sindinapiteko. Ndinalunjika pabwalo pomwe paja, nthawi imene madalaivala amalandira makiyi, n'kuliponya patebulo la akapitawo.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi chimene chinaoletsa nkhuku. Ndinachotsa ndine, ndinaiwala ndine, ndinasaina ndine. Munthu munamuchotsa uja sanalakwe kanthu."

Kenako dalaivala wina wapakamwa anati, "Lero tsabola walowa m'maso mwa mwini wake." Anthu anaseka, ine ndinameza. Mwamva? Ndinameza! Mulembe tsikulo pakhoma.

Akapitawo ananditengera mu ofesi n'kutseka chitseko, ndipo zimene ananena sindingalembe m'kalata imene ana angaipeze. Atatopa anati, "Ukanalimangirira mwakachetechete, ndikanadziwa?" Ndinati ayi. Anati, "Ndiye ndiwe chitsiru kawiri. Koma chitsiru chotere sinditaya." Mapeto ake ndi awa: kalata ya chenjezo, mayeso a Juni akankhidwira chaka chamawa, ndipo kuyambira pano chilichonse chimene ndamasula, ngakhale kabawuti, ndizilemba pa khadi, Wamapepala azisaina pansi. Ine, kusainiridwa ndi wa ku koleji! Ndinapita kukamupepesa. Anati, "Achimwene, inu mundiphunzitse kumva injini ndi khutu, ine ndikuphunzitsani buku, chaka chamawa mukakhoze." Munthu uja ndi wabwino kuposa mmene ndinkanenera.

Za mlamu akapitawo anati ndikamupeza abwere adzatenge makiyi ake.

Ndinamusaka masiku atatu pa nthawi ya nkhomaliro. Lachinayi ndinamupeza kumsika waukulu akukankha wilibala ya kabichi. Waonda, khosi latalika, nsapato zake zoyendetsera thiraki zija zatseguka kukamwa. Atandiona anaimitsa wilibala, osathawa, osamwetulira.

"Alamu," ndinatero, "ndabwera kudzanena kuti wolakwa ndine." Ndinafotokoza zonse, thumba, telala, khadi.

Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati, "Ndinakuuzani kuti nambala inali bwino."

"Munandiuza."

"Pamaso pa anthu."

"Nditukwaneni, alamu. Kapena mundimenye, ndaima pano."

"Kabichi akufota," anatero, n'kunyamula wilibala.

Ndinayenda pambali pake ngati wotumidwa mpaka komwe amakatula. Ndinayesa kugwirako chogwirira chimodzi, anandichotsa dzanja ndi chigongono. Atatsitsa anapukuta manja, n'kunena mawu ambiri kuposa onse amene ndinamumvapo. Anati makiyi adzatenga, chifukwa ntchitoyo ankaikonda. Koma m'chipinda mwanga sabwerera, ndipo foni ya kwanu sayankha, mpaka bambo ake ndi amalume a mtsikana uja amve zoona kuchokera komwe anamvera bodza. "Kuno mwandiyeretsa, alamu. Koma ine sindikwatira kuno."

Akunena zoona. Ndiye mutenge kalata ya pa 4 Meyi ija ndi inoyi, mukawawerengere apongozi, amalume aja akhalepo. Ulendo uno msonkhano ndikuutuma ndine.

Malipiro a mwezi uno andidulako. Fizi ya wamkuluyo ilipo, koma nsalu yanu ija idikire.

Ndine wanu,
Tsabola wothiridwa madzi.


1 Juni

Amayi a ana anga,

Moni. Ndili bwino, ndipo mchimwene wanu ali bwino, thupi layamba kubwerera. Wayenda kale maulendo atatu, katundu wafika gwa. Thirela 14 anaipempha yekha. Thumba ndinamangirira iye akuona, kenako anakwera pakireti n'kukoka chingwe chilichonse ndi dzanja lake, ine chilili ngati wophunzira. Tsopano dalaivala aliyense amasuzumira kudenga katundu asanapakidwe, ndipo akapitawo awonjezera mzere wa zimenezo pa pepala la ulendo. Anthu akuutcha mzere wa Tsabola. Palibe kanthu, dzina likhale pa chinthu chothandiza. Wamapepala wandibwereka buku lake. Ndili pa tsamba 40, ndipo ndapezamo zinthu ziwiri zimene sindinkadziwa. Ziwiri zokha, musakuze.

Tsono tibwere kwa inu.

Mphunzitsi uja anamulembera mlamu uthenga pa foni. Akuti munapitadi kwa apongozi, amalume akenso analipo, koma makalata simunatulutse. Akuti munangonena kuti kwapezeka kuti makina anali ndi vuto, ndiye kampani yamukhululukira mchimwene wanu. Yamukhululukira! Amene amakhululukidwa ndi munthu wolakwa, amayi. Amalume aja akuti anangoti, "Kaya, makina salankhula," ndipo mpaka lero sanatsegule pakamwa za ukwati. Mlamu anandiuza zimenezi pageti, osakweza mawu, kenako anakwera thiraki n'kumapita. Akugonabe cha kumsika.

Ndikudziwa chifukwa chake munatero. Simukufuna kuti anthu aziseka kuti mwamuna wanu wodzitama uja anaoletsa nkhuku thirela yonse n'kunamizira mlamu wake. Mwandiphimba ngati mkazi wabwino, ndipo sindikukalipa. Chabwino, ndikukalipa pang'ono. Koma nsalu mwandifunditsayo mwaivula kwa mchimwene wanu. Makina analibe vuto. Ndinanamizira kale munthu, sindilola kuti tinamizirenso chitsulo kuti ine ndioneke bwino.

Manyazi anga ndi a mwezi umodzi, anthu adzaseka n'kutopa. Dzina la wakuba silitopa, limakafika mpaka kwa ana. Ine chaka chamawa mayeso ndidzalemba, pepala ndidzabwera nalo. Koma iye mkazi ameneyu akamuphonya sadzamupezanso pa shelefu.

Ndiye Lamlungu likudzali mubwerereko. Mutenge makalata onse awiri. Apongozi akhale pampando wawo, amalume a mtsikanayo akhalepo, ndipo aliyense amene anamva kalata ya Malichi ija mumuitane. Muwerenge mokweza, osadumpha mzere, ndipo pamene palembedwa kuti chitsiru muwerenge kuti chitsiru. Ngati pakamwa pakulemera, mupatse wamkuluyo awerenge, adziwiretu kuti bambo ake amalakwa ndipo amavomera. Mukatha, apongozi amuimbire mwana wawo iwo eni, amuuze ndi mawu awo kuti amva. Akaimba kuchokera pamsonkhanopo ayankha, ndamufunsa.

Ine ndidzadziwa kuti mwachita ndikadzamuona akulowa pakhomo pano ndi chikwama chake. Mpaka tsiku limenelo musandilembere za nsalu, za mitengo ya zinthu, kaya za mvula. Konzani ichi kaye.

Mwamuna wanu.